Lipoti la Feteleza wa M'botolo Lomwe Ndinakana Kusaina

Zomwe ndinataya m'chaka chimodzi ndi izi:

Ntchito.
Nyumba ya ntchito ya kuseri kwa boma, ndi mtengo wa mapeyala womwe tinabzala pakhomo pake.
Njinga yamoto.
Khadi la chipatala.
Moni wa a Likhucha, amalume awo a mayi anu.
Mayi anu.

Tadala ndi Mphatso, ana anga, ndazilemba motsatana mmene zinachokera. Ndikudziwa kuti kwa mayi anu ku Chonde alipo anthu amene amati choyambacho ndicho chinabala chomalizacho. Mukamakula mudzamva akunena kuti bambo anu anasinthanitsa mkazi ndi nambala. Sindidzayenda khomo ndi khomo kukatsutsa. Ndikulemba kamodzi kokha, kuti mudzaweruze nokha mukadzakula. Kalata yomwe anandipatsa imati ndinapuma pa ntchito mwa kufuna kwanga. Ndinali ndisanakwanitse zaka makumi anayi. Imvi ndilibe, koma poti ananditcha wopuma, ndilemba mbiri ngati opuma anzanga.

Chaka choyamba, nyengo ya mvula

Nditamaliza maphunziro a masamu ku koleji, ntchito yoyamba ndinaipeza pa esiteti ina ya tiyi m'munsi mwa phiri. Ndinachokera ku Kasungu, kumene mvula imagwa n'kukata. Kuno ndinapeza mvula yoti malaya ochapa Lolemba umawavala Lachisanu akadali achinyezi. Ntchito yanga inali kulemba kulemera kwa masamba othyoledwa m'minda yoyeserera, n'kunena ngati njira ina yosamalira tiyi ikuposa inzake. Kompyuta inali imodzi, yobwerekana ndi a ku akaunti, ndipo kumapeto kwa mwezi sitinkaiona n'komwe. Magetsi akazima tinkawerengera pa pepala. Bwana wanga anali a Namaona, mkulu wamfupi wovala jombo ngakhale muofesi, yemwe anayamba ntchitoyo ine ndisanabadwe.

Tsiku lina ndinawathamangira ndi pepala m'manja. Minda yodulira mwa njira yatsopano inali ndi avereji yoposa minda yodulira mwakale.

"Bwana, njira yatsopanoyi yapambana," ndinatero.

"Yapambana ndani, mwana wa ku Kasungu iwe?"

Anavula chipewa. Anandiuza kuti ndilembe pa timapepala kulemera kwa masamba a minda yodulira mwakale yokhayokha, munda uliwonse kapepala kake. Anatiponya m'chipewamo, n'kutakasa, kenako n'kutitola mosayang'ana, kena kumanja kena kumanzere, mpaka miyulu iwiri.

"Werengera avereji ya mulu uwu, ndi ya uwu."

Ndinawerengera. Wakumanja unaposa wakumanzere, moonekeratu ndithu.

"Ndiye tandiuze," anatero a Namaona, "mulu wakumanjawu ndaupatsa chani? Thukuta la m'chipewa changa?"

Tsiku limenelo ndinamvetsa zomwe ku koleji ndinangoloweza. Magulu awiri safanana ndendende ngakhale usawachite kanthu. Munda wina uli pamtunda, wina pachinyontho, wothyola wina anadzuka ndi mutu. Funso la ntchito yathu silakuti avereji yayikulu ndi iti, poti zimenezo mwana wa Sitandade 5 atha kuona. Funso ndi lakuti, tikanakhala kuti sitinachite chilichonse, kusiyana kotere kukanabwera kokha kangati, ngati m'chipewa muja? Timayamba ndi ganizo lakuti palibe kusiyana, n'kuwasiya manambala atitsutse ngati angathe. Timaika kusiyana kwa pakati pa magulu pambali pa kusiyana kwa minda ya m'gulu limodzi lomwelo. Ngati chipewa chokha chingathe kutulutsa zomwe taonazo koposa kasanu pa maulendo zana, sitinena kuti tapeza kanthu. A Namaona ankati ukasaina pansi pa lipoti ndiye kuti walumbira kuti si chipewa.

M'chaka chomwecho ndinakumana ndi mayi anu, a Tereza, pa siteji ya Chitakale, tikudikira minibasi yosadzaza. Anali mphunzitsi wa ku pulayimale, atanyamula makope a ana pamutu m'pepala la pulasitiki. Anandifunsa ntchito yanga. Ndinafotokoza za chipewa kuyambira pa siteji mpaka potsikira pawo. Potsika anatembenuka.

"Ndiye azunguwo amakulipirani kuti muzingokayika? Ntchito zina n'zabwino, a Masamu."

Dzina limenelo linandimata. Sananditchulenso lina, ngakhale pamaso pa abusa.

Chaka chachisanu

Pa chinkhoswe chathu nkhoswe ya kuchikazi inali a Likhucha. Anandigwira dzanja nthawi yayitali n'kundiuza kuti kuno si ku Kasungu, kuno munda ndi wa akazi, mwamuna amabwera ndi khasu lake basi. Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Masiku amenewo ankanditcha mwana wawo.

Iwe Tadala utabadwa, ndinachoka ku esiteti n'kulowa bungwe lina lothandiza alimi, lomwe ofesi yake inali pa boma. Dzina lake sindilemba, ndipo si chifukwa cha mantha. Muli anthu abwino mmenemo amene akudyetsabe ana awo. Anandipatsa nyumba, njinga yamoto yoyendera m'midzi, ndi khadi loti banja lonse lizithandizidwa ku chipatala cholipira. Zovuta zinalipo zanthawi zonse. Petulo ankatha mwezi usanathe, masikelo anali ochepa moti alangizi ankalandirana pamsewu, ndipo mapepala ankabwera atanyowa, manambala atasungunuka. Bwana wathu anali a Matewere, munthu waukhondo, wolankhula mofatsa, wosachedwetsa malipiro. Pa ubatizo wako, Mphatso, anabwera ndi keke. Ndikulemba zimenezi kuti musadzawaganizire ngati chilombo. Zomwe anandipempha pambuyo pake amapempha anthu wamba, tsiku lililonse, ndi mawu aulemu.

Chaka chachisanu ndi chinayi, dzinja

Kampani ina inabweretsa feteleza wamadzi wa m'botolo, wopopera pa masamba a chimanga. Inkati botolo limodzi limaposa thumba la feteleza wobereketsa. Inapereka ndalama ku bungwe lathu kuti tiyese m'minda ya alimi, ndipo lipoti likatuluka labwino, chaka chotsatira alimi adzauzidwe kuti asiye thumba azigula botolo. Dongosolo linabwera lolembedwa kale kuchokera ku Lilongwe. M'mudzi uliwonse tichite maere pa mayina a mabanja, ena alandire botolo, ena alandire thumba, ndipo pokolola tiyerekeze maavereji a magulu awiriwo. Pa pepala linali dongosolo loyera. Maerewo ndinachititsa ndine, pansi pa mitengo ya mango, anthu akuombera m'manja.

M'dzinja lomwelo mayi anu anayamba kudwala. Madokotala a ku Blantyre anati ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo anatiuza mosabisa kuti yapita patali. Mwezi uliwonse tinkapita kukalandira mankhwala a m'dripi. Khadi lija ndilo linkalipira.

Mudzi wa mayi anu unali pakati pa midzi yoyeserera. Maere anagawa achemwali awo awiri. A Feliya, aakulu, anagwera botolo, ndipo a Joyisi anagwera thumba. Chimanga chitafika m'chiuno ndinadutsako pa njinga kukaona minda, ndipo pakhonde pa a Joyisi ndinaona botolo lija, lotsala pang'ono.

"Alamu, botolo ili likutani pano? Inu si a gulu la thumba?"

"Gulu lake liti?" anatero a Joyisi. "Ine gulu langa ndi la amayi anga."

A Feliya anatulukira kuseri akupukuta manja pa chitenje.

"Alamu, taonani mundawo. Ndi umodzi, wa amayi. Malire athu ndi mzere wa nandolo uwo. Ndiye ine ndizipopa mankhwala a azungu mbali ino, mng'ono wanga akuyang'ana mbali iyo? Anthu azinditi chani? Ndinamupungulira theka. Iyenso thumba lake anandigawira theka."

"Ndi inu nokha mwachita zimenezi?"

Anayang'anana n'kuphulika kuseka mpaka a Joyisi anakhala pansi.

"A Masamu inu!" anatero a Feliya. "Mwakwatira kuno zaka zingati? Mudzi uno ndani alibe mchemwali wake?"

Ndinayenda midzi ina sabata imeneyo ndikufunsa mofatsa, ndipo kulikonse nkhani inali yomweyo. Palibe anabisa, poti palibe ankaona cholakwa. Ifeyo tinagawa mayina a mabanja, koma kuno minda imayenda m'mbumba, ana aakazi a mayi mmodzi kulima moyandikana, kubwerekana khasu ndi mchere. Magulu awiri a pa pepala lathu, m'munda anali gulu limodzi, aliyense theka la botolo ndi theka la thumba. Madzulo ake nditawafotokozera mayi anu, anaseka mpaka kugwira pamimba powawa paja. Anati akanakhala ndi mphamvu akanapita kukapemphako kapu imodzi yothira maluwa.

Ndinawauza a Matewere nthawi yomweyo. Ndinati chaka chamawa tibwereze, koma maere achitike pa midzi yathunthu yotalikirana, osati pa mabanja. Anagwedeza mutu n'kunena kuti tione kaye zokolola.

Chaka chomwecho, masika

Titayeza zokolola zonse, avereji ya gulu la botolo inali pamwamba pang'ono. Koma m'gulu lililonse minda inasiyana kutalitali, wina ngolo, wina madengu ochepa. Nditayesa, zinatuluka zomwe ndinkayembekezera. Kusiyana kotero chipewa cha a Namaona chikanakutulutsa kawirikawiri. Ndinalemba choncho.

A Matewere anandiitana Lachisanu masana, n'kutseka chitseko okha.

"A Mwale, khalani. Ine masamu sindinapite nawo patali, koma maso ndili nawo. Nambala iyi ndi iyi, yayikulu ndi iti?"

"Ya botolo, bwana. Koma kukula kwake n'kosakwanira kuti tinene kanthu."

"Chabwino. Munanena nokha kuti alimi ena anagawana. Ndiye minda yosokonekerayo tiichotse." Anatembenuza kompyuta n'kundilozera minda ingapo ya gulu la thumba. Yonse inali yomwe inakolola kwambiri. "Mukachotsa iyi, masamu anu aja avomera. Ndafunsa kale mnyamata wina ku Lilongwe."

"Avomera ndithu, bwana. Koma anagawana ndi onse. Awa mwawasankha mutaona kale zokolola zawo. Ogawana amene anakolola pang'ono mwawasiya."

"Ndiye inu mukuti botololi siligwira ntchito?"

"Sindikutero. Mwina limagwira. Ndikuti sitikudziwa."

"A Mwale, 'sitikudziwa' salipira munthu. Ofesi yonseyi, kuyambira mlonda mpaka ine, chaka chamawa ikudalira lipoti limeneli." Anafewetsa mawu. "Madamu akupezako bwanji? Khadi lija likuthandiza, eti?"

"Likuthandiza, bwana."

"Ndi zomwe ndimafuna kumva. Kaganizeni. Lipoti lochotsa minda ija ndi ili, Lolemba ndilipeze losaina."

Sindinganame kuti ndinatuluka mmenemo ndili wolimba. Ndikanakhala ndekha yankho linali lapafupi. Koma thupi lomwe linali pa sikelo silinali langa, choncho ndinaona kuti mwini wake ayenera kumva zonse. Loweruka masana inu awiri mukusewera kwa aneba, ndinawapeza mayi anu pakhonde, atavala duku poti tsitsi linali litathothoka, akuwothera dzuwa. Ndinafotokoza monga ndafotokozera pano, osachotsapo.

"Mukasaina," anandifunsa, "chaka chamawa a Feliya agula chani?"

"Botolo."

"Thumba?"

"Awauza kuti asiye."

"Likapanda kugwira?"

"Mwina ligwira."

"Mwina. Inu a Masamu mwayamba liti kudyetsa anthu mwina? Pa Chitakale paja munandibowa njira yonse ndi chipewa chanu, lero mwachiiwala?"

"Ndikufuna mukhale ndi moyo, amake Tadala."

"Inenso ndikuufuna, musaganize kuti ndatopa nawo. Koma ndizikagona pabedi loyera lija, ndikumwetulira manesi, ndikudziwa kuti dripi yanga ikulipiridwa ndi nkhokwe ya achemwali anga? Mudzi wonse uja ukudziwa kuti mkamwini wathu ndi amene amawerengera. Akamva kuti a Masamu avomereza, agula osafunsa. Dzina lanu ndi lomwe akufunalo, osati masamu."

"Khadi alanda."

"Alande. Ku chipatala cha boma kuli mizere, ndikudziwa. Ine ndaphunzitsa kalasi yodzaza mpaka pawindo, mzere sungandiopse. Musasaine. Mukasaina, ku Blantyre muzikapita nokha, dripiyo azikakuikani inuyo."

Lolemba ndinapita ndi lipoti langa, lonena zomwe tinapeza, chifukwa chake magulu anasakanikirana, ndi mmene tingabwerezere bwino. Limenelo ndinasaina. Linalo ndinalibweza pa tebulo lawo lopanda dzina langa. A Matewere sanakweze mawu. Anangoti ndawakhumudwitsa, ndipo ankaona ngati ndine munthu wokonda banja. Mwezi usanathe kalata yopuma ija inafika. Lipoti linalo anasaina munthu wina amene sanapondepo m'munda wa ku Chonde.

Chaka chotsatira mabotolo anadzaza m'mashopu. Ena amati anawathandiza, ena amati anawaononga, monga mmene anthu amanenera za chilichonse. Musadzayembekezere kuti ndikuuzeni kuti ndinapambana. Mpaka lero sindidziwa ngati feteleza ameneyo amagwira ntchito. A Matewere sadziwa, a kampani sadziwa. Kusiyana kwathu n'kwakuti ine ndimanena.

Chaka chakhumi

Tinasamukira ku Chonde, m'nyumba ya njerwa zosawotcha pa malo a mayi anu, ine mkamwini weniweni tsopano, ndi khasu langa. Ku Blantyre tinkapita pa minibasi, m'mamawa, iwo atatsamira paphewa langa. Ku chipatala cha boma madokotala ndi manesi anachita zomwe akanatha ndi zomwe anali nazo. Ulendo wina tinkalandira mankhwala, wina tinkauzidwa kuti tibwerenso. Mayi anu pamzere ankacheza ndi aliyense, mpaka anapeza amayi awiri oti aziwaphunzitsa kulemba mayina awo podikira.

A Likhucha anabwera tsiku lina ndikupalira. Sanalowe m'munda, anaima pamalire.

"Akamwini, ndamva zonse. Akuti munangofunika kulemba dzina lanu basi. Dzina! Inu mumalemba kangati pa tsiku?"

"Zinali zabodza, amalume."

"Zabodza zikanapha ndani? Zoona zanuzo ndi izi zikumaliza mwana wa mlongo wanga. Ife tinakupatsani munthu wamoyo, inu mwamuika pa sikelo ngati thumba la nandolo. Sukulu yambiri imeneyi!"

Ndinapitiriza kupalira, ndipo sindinapepese. Kuyambira tsiku limenelo sayankha moni wanga. Ine ndimawapatsabe, pamaliro, pamsika, paliponse, mokweza. Ndi agogo anu, muziwalemekeza. Ankamukonda mwana wawo. Koma kukonda sikuwapatsa mphamvu yodziwa zomwe munthu sangadziwe.

Ndaliganizira funso lawolo kuposa mmene iwo angaganizire. Kodi khadi likanakhalapo, mayi anu akanakhala ndi moyo? Ntchito yanga yonse inali yoyankha mafunso otere, ndiye ndikuuzani monga wodziwa ntchito yake. Kuti uyerekeze pamafunika magulu awiri. A Tereza anali mmodzi. Palibe wina wofanana nawo amene anatsala ku chipatala cholipira kuti tione mmene zinamuthera. Madokotala a mbali zonse ziwiri ananena mawu amodzimodzi, akuti yapita patali. Mwina akanaonjezera miyezi, mwina ayi. Amene akukuuzani motsimikiza kuti ndinawapha akuchita zomwe ndinakana kuchita pa tebulo la a Matewere. Inenso sindikuuzani motsimikiza kuti sizikanasintha kanthu, ngakhale mawu amenewo akanandigonetsa tulo. Ndimakhala nazo choncho, osadziwa. Masiku ano ndimalima nandolo, ndipo masana ana a Fomu 4 amabwera pakhonde kudzaphunzira masamu. Chipewa ndili nacho changa, ndipo aliyense wa iwo amayamba ndi kutola timapepala.

Masabata omaliza tinali ku chipatala cha ku Mishoni, kumene anatisamala mwachifundo. Tsiku lomaliza lomwe mayi anu analankhula, a Likhucha anabwera m'mawa kudzazonda. Potuluka anaima pakhonde la wodi n'kumauza a Feliya, mokweza kuti ndimve, kuti zonsezi ndi ntchito ya munthu wouma mutu. Ndinkaganiza kuti mayi anu ali m'tulo. Masana, nthawi yoti inu muweruke ku sukulu ya mkaka itayandikira, anatsegula maso n'kundikodola ndi chala. Nditapita kukakutengani n'kubwerera, ndinapeza atagona tulo tomwe sanadzukenso mpaka anatisiya patapita masiku awiri. Choncho zomwe anandiuza nditawerama pabedi paja ndi zomwe ndatsala nazo, ndipo ndikuzilemba mmene anazinenera.

"Ndawamva amalume. Asiyeni. Ndinakuletsani ndine, a Masamu, ndipo atabwera nalonso lero pepala lija ndingakuletseninso. Pitani mukatenge ana, kukubwera mvula."